Zithunzi za cikwati pa lamya zacuruka, koma kodi zidzafika kwa adzukulu?

PETAUKE - Pa zikwati zambiri za m'maboma a Petauke ndi Nyimba masiku ano, mkwati ndi mkwatibwi akangoturuka m'chalichi amalandiridwa ndi nthungululu pamodzi ndi malamya okwezedwa m'mwamba. Mabanja ena aleka kuitana wojambula zithunzi wolipidwa, ndipo nchito imeneyi amaipatsa kwa wacicepere wa pabanja amene ali ndi lamya yabwino.

Cifukwa cake ncosabisika. Komiti ya cikwati ikakhala pansi kuwerengera ndalama za cakudya, zobvala, galimoto ndi zoimbira, wojambula ndiye amayamba kucotsedwa pa mndandanda, popeza alendo ambiri adzabwera ndi malamya ao. Funso limene makomiti ambiri sadzifunsa ndi lakuti zithunzizo zidzakhala kuti pakapita zaka khumi.

Mmene zinalili kale

Amene anakwatira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akumbukira wojambula amene anali kufika pa njinga, kamera ili m'khosi. Filimu imodzi inali kutenga zithunzi 24 kapena 36 cabe, conco anali kusankha mosamala nthawi yojambula. Pambuyo pake filimuyo inali kupita ku tauni kukatsukidwa, kawirikawiri ku Chipata kapena ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Petauke pa mseu wa Great East. Banja linali kudikira masabata, ndipo nthawi zina filimu inali kupsa, cikwati conse nkukhala copanda cithunzi.

Zikwati zambiri za kumidzi sizinajambulidwe nkomwe, cifukwa ndalama zake panalibe. Koma zithunzi zocepa zimene zinaturuka zinali za papepala, ndipo zambiri zikalipo m'maalubamu ndi pa zipupa za nyumba.

Cimene casintha

Kusintha kumeneku sikunayambire kuno. Malamya okhala ndi kamera anayamba kugulitsidwa ku Japan m'zaka za 1999 ndi 2000, ndipo iPhone inaturuka mu 2007. Bungwe la makampani opanga makamera la ku Japan, la CIPA, linalengeza kuti makamera a dijito amene anatumizidwa pa msika anali oposa 120 miliyoni mu 2010, koma pofika mu 2020 anatsika kufika pansi pa 10 miliyoni. Kampani ya Kodak, imene dzina lake linali pa mafilimu ambiri a zikwati zakale, inakadziika m'manja mwa khoti mu 2012 italephera kulipira nkhongole.

Kuno kwathu cimene cinafikitsa kamera m'manja mwa mlimi ndi malamya ochipa monga Tecno, itel ndi Infinix, opangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku China. Kampaniyi inachuka mu Africa, mwa zina, cifukwa cokonza makamera ake kuti azionetsa bwino nkhope za anthu akhungu lakuda. Mlimi wa ku Nyimba akagulitsa nthoci, kapena wa ku Petauke akagulitsa nshawa ndi thonje, atha kugula lamya imene imajambula, kuimba nyimbo ndi kutumiza ndalama.

Phindu lake siliyenera kucepetsedwa. Cikwati ca m'mudzi wa kutali ndi mseu, cimene kale cikanatha popanda cithunzi ngakhale cimodzi, lero cimaonedwa tsiku lomwelo pa WhatsApp ndi abale a ku Lusaka, ku Copperbelt ndi ku Johannesburg.

Pamene lamya icita bwino ndi pamene ilephera

Masana, panja, lamya ya masiku ano imajambula bwino ndithu. Malamya ambiri amatenga zithunzi zingapo m'kamphindi kamodzi ndi kuziphatikiza, kotero kuti diresi loyera la mkwatibwi ndi nkhope yake zonse zimaoneka, ngakhale dzuwa liri pamutu. Cithunzi cotere cikwanira kuikidwa mu alubamu popanda manyazi.

Bvuto limayamba kuwala kukacepa. Kacipangizo kolandira kuwala, kamene akatswiri amakacha sensa, m'makamera akuluakulu kamafika mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, pamene m'lamya yochipa nkocepa kuposa cikhadabo. M'chalichi ca mazenera ang'onoang'ono, kapena m'holo madzulo, lamya imafuna kuti anthu aime ciriri kuti cithunzi cituruke bwino. Koma pa cikwati anthu saima. Operekeza akamalowa mobvina, nkhope zao zimaturuka mbuu.

Cina ndi mtunda. Lamya zambiri zochipa ziribe galasi lokokera zinthu za patali, ndipo zimangokulitsa cidutswa ca cithunzi, cimene cimacepetsa kuoneka bwino kwake. Wofuna kujambula mphete ikulowa ku cala ayenera kufika pafupi ndi guwa, ndipo akafika asanu kapena khumi, abusa ndi ansembe amasowa poima, mwambo nkusokonezeka.

Palinso nkhani ya moto wa mu batire. Caka ca 2024 cinapereka phunziro, pamene cilala cimene mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala ngozi ya dziko lonse pa 29 February cinacepetsa madzi ku Kariba, malaiti nkumazima maola ambiri pa tsiku. Lamya imene ikulandira mafoni a alendo osocera, kuimba nyimbo ndi kujambula kanema nthawi imodzi, itha kuzima keke isanadulidwe.

Bvuto lalikulu ndi kusunga

Komabe mtsutso wa lamya ndi kamera umaphimba nkhani yeniyeni. Zithunzi za cikwati zimatayika kwambiri cikwati citapita kusiyana ndi pa tsiku lojambula.

Alendo makumi atatu akajambula, aliyense amapita ndi zake, ndipo palibe amene ali ndi udindo wozisonkhanitsa. Mbuzi ya anthu ambiri imagona panja. Zimene zimafika kwa eni cikwati zimadzera pa WhatsApp, amene amacepetsa kulemera kwa cithunzi kuti cipite msanga, pokhapo wotumizayo atasankha kucitumiza monga dokyumenti. Cithunzi cocepetsedwa cimaoneka bwino pa lamya, koma cikakulitsidwa kuti cipacikidwe pa cipupa cimaoneka cofufuma.

Lamya nayo sikhalitsa. Imabedwa, imagwera m'madzi, imagulitsidwa pa nthawi ya njala kapena ya fizi ya sukulu, ndipo ikadzala mwini wake amafufuta zakale kuti apeze malo. Kusunga pa intaneti kumathandiza, popeza Google imapatsa malo a 15 GB kwaulere, koma kumafuna mabandulo ndi kukumbukira mau acinsinsi. Kuyambira mu December 2023, kampaniyi inadzipatsa mphamvu yofufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa nchito.

Cotayika pamenepa si cokongoletsa cabe. Cithunzi sicilowa m'malo mwa cikalata ca cikwati, koma cimaonetsa ankhoswe amene anaimirira, malume amene anapereka mwana, ndi agogo amene mwina sanajambulidwepo kwina kulikonse. Maliro akagwa, banja likamafuna nkhope ya malemu, kawirikawiri limathamangira ku zithunzi za cikwati.

Nanga ojambula?

Kwa acinyamata amene anagula makamera kuti adzilembe okha nchito, kusinthaku kukhudza cakudya ca pa nyumba. Malonda a kale, ojambula alendo mmodzimmodzi ndi kuwagulitsa zithunzi pa khomo la holo, acepa, cifukwa mlendo ali ndi kamera yake m'thumba.

Cimene catsala m'manja mwa wojambula ndi udindo. Iye sadya pamene ena akudya, sabvina pamene ena akubvina, adziwa poima pa nthawi ya malumbiro, ndipo atha kusonkhanitsa mabanja awiri kuti aime pamodzi dzuwa lisanalowe. Wojambula amene amapereka alubamu yosindikizidwa pamodzi ndi fulashi, pa tsiku limene analonjeza, ali ndi cinthu cimene alendo onse pamodzi sangapereke. Amene amalandira ndalama nkusowa miyezi itatu, ndiye amapatsa makomiti cifukwa cosankhira lamya.

Banja limene ndalama zake sizifika pa wojambula silinalakwe posankha lamya. Koma liyenera kusankha munthu mmodzi kapena awiri amene nchito yao tsikulo idzakhala kujambula basi, kuwapezera pochajira, ndi kukonza kuti zithunzi za pabanja zijambulidwe panja kukali kowala. Cikwati cikatha, zithunzi zisonkhanitsidwe zisanacepetsedwe, zisungidwe m'malo awiri, ndipo makumi awiri kapena atatu a izo asindikizidwe papepala pa boma.

Nyengo ya zikwati imabwera anthu akakolola ndi kugulitsa mbeu. Makomiti a ku Petauke ndi ku Nyimba amene adzakhala pansi nyengo ikudzayi angacite bwino kuika ndalama yosindikizira zithunzi pa mndandanda umodzi ndi nkhuku ndi mpunga.