ZIMBABWE: Kulosera za chisankho kuziyambira pa kaundula wa ovota

KADOMA - Chisankho chikamayandikira m'dziko la Zimbabwe, akatswiri a ndale amathamangira kulosera kuchuluka kwa anthu amene adzavote komanso chipani chimene chidzapambane. Koma mbiri ya dera la Battlefields, lomwe lili pa msewu wa Harare-Bulawayo pakati pa Kadoma ndi Kwekwe, ikuonetsa kuti funso loyamba liyenera kukhala lakuti ndani ali m'kaundula wa ovota, nanga ndani mulibe.

Madera a Kadoma ndi Chegutu ndi a migodi ya golide ndi mafamu akuluakulu. Kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ankagwira ntchito m'mafamuwa komanso m'migodi monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari. Ana ndi adzukulu awo anabadwira komweko.

Pa chisankho cha aphungu cha 2000, chipani chotsutsa cha MDC chinapeza mipando 57 pamene ZANU-PF inapeza 62. Mu 2001 boma linasintha lamulo la unzika, n'kulamula aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kuti akane unzikawo m'miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri mwa ana a obwerawa anataya ufulu wovota, ndipo zitupa zawo zinkawatcha alendo. M'zaka zomwezo, kulanda mafamu kunabalalitsa antchito ambiri.

Izi zimasokoneza masamu a chisankho. Chiwerengero cha ovota chimayerekezedwa ndi anthu olembetsa okha, choncho munthu wochotsedwa m'kaundula sawerengedwa ngakhale pakati pa amene sanavote.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo mu November 2017 khoti lalikulu linalamula kuti anthu otere aloledwe kulembetsa. Chaka chomwecho bungwe loyendetsa zisankho la ZEC linayamba kalembera watsopano wojambula zala ndi nkhope.

Mu March 2008 anavota anali pafupifupi 43 mwa olembetsa 100 alionse, koma kaundula wa nthawiyo ankadzudzulidwa kuti munali mayina a anthu akufa. Mu 2018, ndi kaundula watsopano wa anthu pafupifupi 5.7 miliyoni, anavota anali pafupifupi 85 mwa 100. Mu 2023 olembetsa anafika 6.6 miliyoni, koma anavota anatsika kufika pafupifupi 69 mwa 100. Choncho kusiyana kwa ziwerengerozi kukusonyeza chidwi cha ovota komanso mtundu wa kaundula.

Kafukufuku wofunsa anthu nayenso ali ndi malire. Mu July 2018 bungwe la Afrobarometer linapeza kuti anthu 40 mwa 100 ankafuna a Emmerson Mnangagwa ndipo 37 a Nelson Chamisa, koma pafupifupi 20 sanaulule maganizo awo. ZEC inalengeza kuti a Mnangagwa anapeza mavoti 50.8 peresenti, a Chamisa 44.3. Munthu amene analandidwapo unzika ali ndi chifukwa chosamala pakamwa mlendo akamamufunsa za ndale.

Njira yodalirika kwambiri ndi yotenga zotsatira zomatidwa panja pa malo ovotera osankhidwa moimira dziko lonse. Mu 2008 bungwe la ZESN linayerekeza motero kuti a Morgan Tsvangirai anapeza 49.4 peresenti ndipo a Robert Mugabe 41.8. Patatha mwezi woposa umodzi, ZEC inalengeza 47.9 ndi 43.2. Komabe njirayi imangowerengera mavoti oponyedwa kale.

Amene akufuna kulosera chisankho chikudzacho ayambe afufuza kuti ndi angati m'makomboni a migodi ndi m'mafamu akale a Battlefields, Kadoma ndi Chegutu amene asinthitsa zitupa zawo n'kulembetsa. Pamene wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti, monga a Mnangagwa anachitira movutikira mu 2018, anthu amenewa si oti n'kuwasiya kunja kwa masamu.