Kuonera Pagalasi Si Ulesi

Pachilumba cha Cozumel, m'dziko la Mexico, kalembera wa 2020 anapezapo anthu osakwana 90,000. Koma m'chaka cha 2019 chokha, sitima zapamadzi zonyamula alendo okaona malo zinatsitsa pachilumbachi anthu opitirira 4 miliyoni. Zambiri mwa sitimazi zimachokera ku Miami, Galveston ndi madoko ena a ku America. Zimakocheza m'mawa n'kunyamuka madzulo a tsiku lomwelo, kotero mlendo amakhala ndi maola ochepa chabe oti aone zomwe wadzera. Chomwe chinatchukitsa Cozumel ndi matanthwe a makorali omwe ali pansi pa nyanja kumadzulo kwa chilumbachi. Munthu yemwe sanaphunzire kumira ndi mathanki a mpweya ali ndi njira ziwiri zodziwika kwambiri zowaonera: kusambira pamwamba pa madzi atavala magalasi ndi kapaipi kopumira, kapena kukwera boti lomwe pansi pake anaikapo galasi n'kumaonera ali chikhalire.

Njira yachiwiriyi imanyozeka. Anthu amati boti la galasi ndi la nkhalamba, ana ndi amantha, ndipo munthu wamphamvu zake ayenera kulowa m'madzi. Ine maganizo amenewa ndikuwatsutsa. Kwa mlendo wa tsiku limodzi, yemwe sadziwa bwino kusambira m'nyanja yamchere, boti la galasi ndiyo njira yoyenera kuyamba kuiganizira pokonza ulendo.

Tiyambe tamvetsa chomwe anthuwa amakaona. Makorali amaoneka ngati miyala, koma ndi tinyama tating'onoting'ono tomwe timakhala mothithikana n'kumamanga chigoba cholimba. Mitundu ina imakula ndi sentimita imodzi yokha pachaka, mwinanso osafika. Ndiye kuti kachidutswa kofanana ndi chikhatho, komwe munthu angakathyole ndi chidendene m'kuphethira kwa diso, kanatenga zaka zambiri kuti kafike pamenepo. Tsono munthu wosazolowera nyanja madzi akamulowa m'kapaipi, sayamba waganiza za sayansi. Amafuna poponda, ndipo poponda pake ndi pakorali pomwepo. Ena amavundula mchenga ndi nsapato zosambirira n'kukwirira tinyamati. Ena amalowa m'madzi atadzola mafuta odziteteza ku dzuwa okhala ndi mankhwala monga oxybenzone, omwe dziko la Palau linaletsa mu 2020 ndipo Hawaii analetsa kugulitsa kwake mu 2021 pofuna kuteteza makorali. Pamalo ena osaya otchedwa El Cielo, alendo ena amavuula tinyama tooneka ngati nyenyezi kuti ajambulitse nato, chonsecho timapuma m'madzi mokha. Palibe mwa anthuwa amene amadza ndi mtima woononga. Amangokhala osadziwa, ndipo maola ochepa sakwanira kuti munthu aphunzire.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umatiphunzitsa kupirira mlendo poti akhala kanthawi kochepa. Koma mame a anthu 4 miliyoni salinso mame, ndi chigumula. Matanthwewa anaikidwa m'manja mwa boma ngati malo otetezedwa mu 1996, komabe mu Okutobala 2019 akuluakulu oyang'anira malowa anatseka kwa kanthawi Palancar, Colombia ndi El Cielo. Chinawachititsa ndi matenda odya mnofu wa makorali, omwe anayamba kuoneka kufupi ndi Miami mu 2014 n'kufika kugombe la Mexico mu 2018. Sindikunena kuti alendo ndiwo anabweretsa matendawa, ayi. Kutentha kwa nyanja ndi madzi oipa ochokera kumtunda zikuononga kuposa phazi la munthu. Koma wodwala sitimuwonjezera katundu, ndipo kutsekako kunali kuvomereza kuti piringupiringu wa anthu ndi katundu ndithu. Munthu amene wakhala m'boti akuonera pagalasi saponda kanthu, sagwira kanthu, ndipo mafuta omwe wadzola amabwerera nawo kusitima.

Palinso nkhani ya amene amasiyidwa. Banja likakwera sitima limakhala ndi agogo, mwana wa zaka zinayi, mayi woyembekezera, mwinanso wina wolumala miyendo. Ambiri mwa ife amene tinakulira kutali ndi nyanja kusambira kwathu ndi kwa m'khwawa, komwe phazi limagunda pansi. Ulendo wolowa m'madzi umagawa banja pawiri, ena kukasangalala, ena kutsala akulondera zikwama. M'boti la galasi onse amaona nsomba imodzimodzi nthawi imodzi, ndipo mwini boti amatha kuwafotokozera chomwe chikudutsa pansipo, zomwe sizitheka munthu mutu uli m'madzi.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomwe sindingaikane: pagalasi suona bwino ngati mmene umaonera uli m'madzi. Madzi amameza kuwala, ndipo mtundu wofiira ndiwo umayamba kuzimirira pakuya pa mamita asanu okha. Mbali zina za Palancar zili pakuya popitirira mamita 20, ndipo kuchokera m'boti zimangooneka ngati zithunzithunzi zobiriwira. Galasi likakhala lokandikakandika zinthu zimaipiraipira. Kuwerama nthawi yaitali boti likuyendayenda kumabweretsa nseru ngakhale kwa munthu yemwe pasitima yaikulu samva kanthu. Komanso kuyambira Novembala mpaka Malichi kumawomba mphepo ya mpoto yomwe nthawi zina imachititsa akuluakulu a padoko kuletsa maboti ang'onoang'ono kuyenda. Zonsezi ndi zoona, koma chomwe zikutiuza n'chakuti ulendowu umafuna kuukonza. Munthu asankhe boti lopita pamalo osaya, anyamuke cha m'ma 10 koloko dzuwa likukwera kuti kuwala kulowe bwino m'madzi, ndipo afunse asanalipire ngati ndalama zimabwezedwa mphepo ikavuta.

Sindikufunanso kuliyeretsa botili ngati lopanda tchimo. Boti loponya nangula pakorali limaononga kuposa osambira makumi awiri. Ena amaponyera nsomba zakudya kuti zisonkhane pansi pa galasi. Amene anafikako ku Cape Maclear akudziwa chizolowezi chomwechi: mbuna zimaponyeredwa buledi kuti alendo azione zambiri, chonsecho malowo ndi otetezedwa ndipo UNESCO inawazindikira mu 1984. Nsomba yozolowera buledi imachepetsa kudya ndere pamiyala, ndipo ku Cozumel ndere zikachuluka zimaphimba makorali. Safunsa anadya phula. Mlendo afunse ngati boti lili ndi chilolezo cholowera kumalo otetezedwa, ngati limamangirira pa zoyandama zomwe zinaikidwa kale m'malo moponya nangula, ndiponso ngati sadyetsa nsomba. Wogulitsa amene wakwiya ndi mafunso amenewa wayankha kale.

Chatsala ndi kwa yemwe tigule tikiti. Kampani ya sitima imagulitsa maulendowa sitima isanafike n'komwe, ndipo imadulapo gawo lake ndalama zisanafike kwa mwini boti. Chomwe mlendo amagula ndi ndalama zoonjezerazo ndi mtendere wamumtima, chifukwa ulendo wogulidwa pasitima ukachedwa, sitima imadikira kapena kampani imaona njira yomufikitsira padoko lotsatira. Amene wadzigulira yekha kumtunda akachedwa, amaiona sitima ikupita ndipo zotsatira zake ndi za m'thumba mwake. Ngakhale zili choncho, ine ndingasankhe kulipira anthu a pachilumbapo mwachindunji, pakuti ndiwo amatsala ndi nyanjayo sitima zikapita. Ulendo wa boti la galasi ndi waufupi, kotero wonyamuka m'mawa amatha kubwerera padoko kudakali maola awiri kapena atatu.

Msampha weniweni uli pa wotchi. Kuyambira mu 2015, chigawo cha Quintana Roo, momwe muli Cozumel, sichisintha nthawi chaka chonse, pomwe ku Florida amakankhira mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Sitima yochokera ku Miami ikasunga nthawi ya kwawo m'miyezi imeneyi, imakhala patsogolo ndi ola lathunthu, pomwe foni ya m'manja imadzisinthira yokha ku nthawi ya pachilumba. Mwini boti akati tibwerera 3 koloko, pasitima imakhala ili 4 koloko, ndipo kawirikawiri okwera onse amayenera kukhala atalowa kudakali mphindi 30 kuti sitima inyamuke.