Ophunzira za Umoyo Afike Pakhomo pa Okalamba

Maphunziro a unamwino m'dziko muno, monga amene aperekedwa pa cipatala ca St Francis ku Katete ndi ca Mwami kufupi ndi Chipata, ali ndi gawo lakuti ophunzira aturuke m'kalasi ndi kukatumikira m'midzi. Njira iyi igwirizana ndi pangano la ku Alma-Ata la 1978, limene linati cithandizo ca umoyo ciyenera kufika kumene anthu akhala. Koma kawiri-kawiri maso onse amakhala pa sikelo ya ana ndi amai apakati, pamene nkhalamba itsala m'nyumba.

Ici ciyenera kukonzedwa. Wokalamba amene miyendo inalema sangathe ulendo wa ku kiliniki, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga amadya munthu mwakacetecete kufikira atafa ziwalo. Wophunzira wofika pakhomo angapime magazi, angapenye zilonda za kumapazi, angazindikirenso ng'ala imene madokotala amacotsa ndi opaleshoni yaifupi.

Nayenso wophunzira apindula. Mu wodi aona wodwala pa bedi cabe. Pakhomo aona nkhokwe yopanda cimanga, citsime cakutali, mapiritsi otsomekedwa kudenga cifukwa palibe wowerenga malangizo, ndi agogo olera adzukulu amasiye. Akadzakhala namwino sadzakalipira wodwala wofika mocedwa asanamve cifukwa cake.

Palinso nkhani yaikulu. Matenda a kuiwala-iwala a mu ukalamba amacititsa munthu kusokera usiku kapena kulankhula zosamveka, ndipo ena amenyedwa ndi kupitikitsidwa m'midzi monga mfiti. Awa ndi matenda a ubongo. Lamulo la dziko liletsa kuchula munthu mfiti, ndipo wophunzira amene afotokozera banja zimenezi angapulumutse moyo.

Motero anyakwawa ndi makomiti a umoyo alembe maina a okalamba osatha kuyenda ndi kuperekeza ophunzira ku makomo ao. Aphunzitsi apite nao, pakuti wophunzira sayenera kupatsa mankhwala payekha. Nchito yake ndi kupima, kulangiza ndi kutumiza wodwala ku kiliniki. Ophunzira alowe mwaulemu, amvetsere, asunge cinsinsi ca pakhomo, ndipo abwerenso kukaona wodwalayo, asangofika tsiku limodzi pofuna mamalikisi. Akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mudzi umene uwasamala usamala nzeru zake zomwe.