Malamulo a ngongole za nyumba ku America akasintha, wageni ndiye amalira

Chaka cha 2008 chisanafike, munthu ku America ankatha kulowa mu ofesi ya kampani yobwereketsa ndalama, n'kungonena pakamwa kuti amapeza zakutizakuti pamwezi, n'kutuluka ndi ngongole yogulira nyumba osaonetsa umboni uliwonse. Obwereketsawo analibe nazo ntchito chifukwa ngongolezo ankazigulitsa kwa mabanki ena, iwo n'kutenga zawo. Anthu ambiri atalephera kubweza, nyumba zinalandidwa, mitengo ya nyumba inagwa, ndipo pa 15 September 2008 banki yaikulu ya Lehman Brothers inagwa. Mavuto a zachuma amene anatsatira anafika dziko lonse lapansi.

Boma la America linayankha ndi lamulo la Dodd-Frank limene pulezidenti Barack Obama anasaina mu July 2010. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la CFPB loteteza anthu pa nkhani za ngongole, ndipo kuyambira pa 10 January 2014 wobwereketsa aliyense anakakamizidwa kutsimikiza ndi mapepala kuti wobwereka angathe kubweza. Ngongole yoti boma liione ngati yabwino sinkayenera kupitirira zaka 30, ndipo ngongole zonse za munthu pamwezi sizinkayenera kudya kuposa 43 peresenti ya zomwe amapeza. Wopeza madola 5,000 pamwezi sankayenera kulipira ngongole zoposa madola 2,150. Kuyambira mu October 2015, wobwereketsa anayeneranso kupereka chikalata chosonyeza chiwongoladzanja ndi zolipira zonse masiku atatu a ntchito munthu asanasaine.

Mfundo imeneyi ndi yabwino ndipo palibe wamalonda wanzeru amene angaitsutse. Wogulitsa pa ngongole pamsika amayamba waona ngati kasitomala amalipira. Vuto ndi lakuti malamulowa sakhazikika. Boma lililonse likalowa limawagwedeza.

Mu May 2018, pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lopepuza mabanki ang'onoang'ono, amene chuma chawo sichifika madola 10 biliyoni, akamasunga okha ngongole zimene apereka. Mu December 2020, CFPB inachotsa malire a 43 peresenti aja n'kuika muyezo wina woyang'ana kukwera kwa chiwongoladzanja. Lamulo latsopanoli linkayenera kugwira aliyense kuyambira pa 1 July 2021, koma boma la Joe Biden litalowa, tsikulo linasunthidwa kufika pa 1 October 2022. Mu February 2025, Russell Vought, amene anaikidwa kuyang'anira CFPB, analamula antchito a bungweli kuti aime kaye ntchito zawo.

Kusintha kulikonse kumafuna kuti banki isinthe mafomu, iphunzitse antchito, ikonze makompyuta ndi kulemba maloya. Ndalama zimenezi sizichokera m'thumba la mwini banki, zimabwerera kwa wobwereka. Choipa kwambiri n'chakuti banki ikakayika, imatseka chitseko kwa amene akuoneka wovuta kumutsimikiza. Ngakhale CFPB itafooka, lamulo la 2010 lidakalipo, ndipo wobwereka angathe kuuza khoti kuti banki inamupatsa ngongole isanafufuze bwino. N'chifukwa chake mabanki samasuka ngakhale andale atanena kuti amasula zingwe.

Wovuta kumutsimikiza uja kawirikawiri ndi wodzilemba yekha ntchito: wometa tsitsi, woyendetsa takisi, wogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu. Wolembedwa ntchito amangoonetsa pepala la malipiro, basi. Wageni amafunsidwa mapepala a msonkho, nthawi zambiri a zaka ziwiri, ndipo banki imawerenga phindu lokhalo limene iye anauza boma. Amene anabisa phindu kuti alipire msonkho wochepa amadzimangirira yekha, chifukwa pamapepala amaoneka wosauka ngakhale ndalama zili m'thumba.

Nkhaniyi yakhudzanso mabanja a kuno amene ali ndi abale ku America. Bungwe la FHA limatsimikizira ngongole za nyumba za anthu amene alibe ndalama zambiri zoyambira, moti ena amangoyamba ndi 3.5 peresenti ya mtengo wa nyumba. Kuyambira pa 25 May 2025, anthu amene alibe chilolezo chokhala mpaka kalekale m'dzikolo anachotsedwa pa mwayi umenewu. Nesi kapena wantchito wina amene ali pa viza ya ntchito, amene ankasunga pang'onopang'ono kuti agule nyumba kudzera ku FHA, tsopano ayenera kufuna ngongole ina. Mbale wotere akachepetsa zimene amatumiza kumudzi, amene mpamba wake umadalira ndalama zimenezo asafulumire kunena kuti waiwalidwa.

Boma lili ndi ufulu wosintha malamulo, koma liyenera kupereka nthawi yokwanira ndi kukumbukira kuti si onse amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi. Lamulo loteteza wosauka likafika pomutsekera kunja chifukwa alibe pepala la kwa bwana, ndiye kuti lamanga wolakwika. Njira yabwino ndi kulola umboni umene wageni ali nawodi: mbiri ya akaunti ya kubanki, malisiti a katundu ndi mbiri ya lendi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Kunonso mabanki amafuna mbiri ya akaunti ndi chikole, ndipo amafunsa mbiri ya munthu ku mabungwe osunga kaundula wa obwereka, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010. Wamalonda sangauze Reserve Bank kapena nyumba ya malamulo chochita mawa, koma angakonze mbali yake lero. Alembe m'kope tsiku lililonse zimene waoda ndi zimene wagulitsa. Ndalama za geni zizidutsa pa akaunti kapena pa foni, osati m'mpango mokha, ndipo zisasakanikirane ndi zapakhomo. Malisiti a msika ndi a katundu asungidwe. Ngongole ya banki mkhonde ibwezedwe pa nthawi yake. Asanasaine pepala lililonse, afunse ndalama zonse zimene adzabweze, komanso ngati chiwongoladzanja chingakwere pakati pa ulendo.

Ngati ngongole zonse pamodzi zikuyandikira theka la phindu la mwezi, ndi bwino kuyamba wabweza zakale. A ku America anaika malire pa 43 peresenti ataona nyumba zikulandidwa, ndipo ngakhale anawachotsa m'buku la malamulo, wageni angawasunge m'kope lake.