Zimene mkodzo umaulula za mankhwala opha udzu ku Dowa ndi Ntchisi

Mvula yoyamba ikagwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, alimi ambiri masiku ano amabereka sipuleya kumsana m'malo monyamula khasu. Kupalira kumadya nthawi ndi ndalama za ganyu, ndipo ulimi wa mtayakhasu umadalira kupha udzu popanda kugalauza nthaka. N'chifukwa chake mankhwala monga glyphosate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Roundup, komanso atrazine, afala m'minda ya chimanga. Chofunika kudziwa n'chakuti mankhwala ochuluka bwanji amathera m'thupi la wopopera.

Akatswiri a zaumoyo amadziwa zimenezi poyeza mkodzo. Mankhwala amalowa m'thupi kudzera pakhungu, m'kamwa kapena popuma. Ena chiwindi chimawaphwanya n'kukhala zotsalira, ndipo impso zimazitulutsa mumkodzo. Atrazine amasiya chotsalira chotchedwa atrazine mercapturate, pamene glyphosate wambiri amatuluka osasintha. Popeza mankhwalawa sakhalitsa m'thupi, mkodzo umayenera kutengedwa tsiku lopopera kapena masiku ochepa otsatira. Kuyezaku kumasonyeza kuchuluka kwa mankhwala amene alowa posachedwa, koma pakokha sikusonyeza kuti munthu wadwala.

Kafukufuku wa mtunduwu amene anachitika ku United States ali ndi phunziro kwa mlimi wa kuno. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2004, ndipo anakhudza mabanja 48 a alimi a ku Minnesota ndi South Carolina. Pa tsiku lopopera, glyphosate anapezeka mumkodzo wa alimi 60 pa 100 alionse. Amene sanavale magolovesi a labala anapezeka ndi mankhwala ochuluka pafupifupi kasanu poyerekeza ndi amene anavala. Choncho manja ndiwo khomo lalikulu, makamaka posakaniza mankhwala asanasungunulidwe ndi madzi komanso pokonza sipuleya.

Alimi ambiri a kumeneko amapopera ndi thirakitala. M'minda yotsetsereka ya Dowa ndi Ntchisi, wopopera amayenda wapansi m'udzu wonyowa ndi mankhwala, nthawi zina wopanda jombo, sipuleya ikudontha pamsana. Nthawi zambiri ntchitoyi imagwera waganyu amene sanaone n'komwe botolo limene mankhwalawo anachokera.

Pa za kuopsa kwa nthawi yaitali, mabungwe sanagwirizane. Mu 2015 bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linaika glyphosate m'gulu la zinthu zimene zikhoza kuyambitsa khansa, pamene bungwe loona zachilengedwe la dziko la United States linati n'zokayikitsa kuti angatero. Mlimi sayenera kudikira kuti mkanganowu uthe, chifukwa kuchepetsa mankhwala olowa m'thupi kuli m'manja mwake.

Lamulo la Pesticides Act la 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno ayenera kukhala olembetsedwa ku bungweli, ndipo wogulitsa akhale ndi chiphaso. Amalonda a pa Mponela, Madisi, Malomo ndi misika ina akukumbutsidwa kuti kupungulira mankhwala m'mabotolo a zakumwa kumamana mlimi malangizo a muyeso ndi a chithandizo choyamba, komanso kumaika ana pa chiopsezo.

Alimi akulangizidwa kuvala magolovesi, jombo ndi zovala zofika m'manja ndi m'miyendo, kusapopera kukuomba mphepo, ndi kusadya kapena kusuta fodya ali pa ntchitoyi. Akamaliza asambe ndi sopo, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha, kutali ndi chitsime kapena mtsinje. Wolemba waganyu ali ndi udindo womupatsa zodzitetezera. Amene akumva chizungulire, nseru kapena kuyabwa atapopera athamangire kuchipatala atatenga botolo la mankhwalawo. Alangizi a zaulimi a m'dera lililonse angathandize pa za muyeso woyenera.