Thukuta la Okweza Katundu Lisamathere Pansi

Tikaona mathiraki atandandalika pachipata cha Dedza, atachokera ku doko la Beira kudzera ku Calomue, ambirife timaganizira madalaivala okha. Komatu katundu sadzikweza yekha.

Ku Kanengo, kumene mathiraki ambiri amakatsitsira, woyendetsa forklift amayamba tsiku poyang'ana mabuleki, mafuta ndi matayala. Kenaka amanyamula mapaleti, kuwasanja mofanana kulemera kuti thiraki isapendekeke, ndi kuwerenga katundu mogwirizana ndi zikalata. Akangolakwitsa pang'ono, katundu amagwera mnzake. Kwathu kuno, ku Bembeke ndi ku Chimbiya, ntchito yomweyi imagwiridwa ndi misana ya anyamata aganyu okweza matumba a kachewere.

Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola asapyole 48 pasabata, ndipo oonjezera alipiridwe mwapadera. Lamulo la chipepeso la chaka chomwecho limateteza wovulala pantchito. Koma waganyu wopanda chikalata chomulembera, akathyoka msana, umboni adzautenga kuti?

Papa Leo XIII adaphunzitsa mu 1891 kuti malipiro azikwanira kusunga munthu mwaulemu. Ena mwa olemba anyamatawa ndife tomwe: alimi ndi amalonda a m'miphakati yathu. Tisanaloze chala makampani akuluakulu, tidzifunse: mwana wa mnansi wathu timamulipira zingati pathumba?