Kodi Kalulu wa pa kanema amayankhula ngati ndani?

Tsamba ili muwerengere limodzi. Amayi, abambo kapena mkulu wake wa mwana awerenge mokweza. Mwana amvetsere.

Ine ndine mphunzitsi wa kalasi loyamba pa sukulu ina ya kumudzi, kuno ku Milange. M'kalasi mwanga muli mnyamata wina wa zaka 6. Kwawo amayankhula Cilomwe ndi Cinyanja. Tsiku lina ndinaonetsa ana cithunzi. Ndinafunsa kuti: "Ici n'ciyani?" Mnyamatayo anakweza dzanja msanga, nati: "Kalimoto!" Anzake anaseka. Wina anati: "Si conco! Pa kanema amati galimoto. Iwe ukuyankhula ngati wa kuchire." Sabata yonse imeneyo mwanayo sanakwezenso dzanja.

Kodi iye analakwa ciyani? Cithunzi anacidziwa. Dzina lake analidziwanso. M'Cilomwe mulibe g, b ndi d monga timawamvera m'Cinyanja. Lilime la mwana linazolowera k, p ndi t. Kumuphunzitsa g ndi nchito yanga, ndipo ndikuigwira. Cimene cinandipweteka mtima si k ayi. Ndi mawu aja akuti "pa kanema amati". Ana a zaka 6 aphunzira kale kuti wailesi ya kanema ndiyo mwini wa mawu, ndipo agogo awo ndi olakwa.

Tiyeni tione. Madzulo ana athu amasonkhana pa nyumba imene ili ndi sola, kapena pa baraka la pamsika. Amakhala pansi, maso pa kanema. Ndani akuyankhula pamenepo? Zidole zambiri zimayankhula Cipwitikizi ca ku Brasil kapena ca ku Portugal. Owerenga nkhani amayankhula Cipwitikizi ca ku Maputo. Mu 2020, masukulu atatsekedwa cifukwa ca matenda a korona, maphunziro a Telescola anaonetsedwa pa TVM, m'Cipwitikizi.

Tikafuna kumva ciyankhulo cathu, timatembenukira ku Malawi. Si kutali. Malire a Muloza ali pakhomo pathu, ndipo phiri la Mulanje timaliona monga timaonera la Tumbine. Mwana akamva Cicewa pa kanema, nkhope imawala. Inenso ndimakondwa. Ku Tanzania kuli bungwe la Ubongo. Mu 2014 linayamba kuonetsa zidole zophunzitsa ana, ndipo zina anazimasulira m'Cicewa. Ndi zabwino ndithu. Mwana amaphunzira kuwerenga manambala uku akuseka. Koma Cicewa ca pa kanema ndi ca ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mawu a mwana wa ku Milange, amene Cinyanja cake cinakulira pamodzi ndi Cilomwe, Cimarenje ndi Cipwitikizi, ine sindinawamvepo pa pulogalamu ya ana.

Ndanama pang'ono. Nthawi zina munthu woyankhula ngati ife amaoneka m'sewero. Koma kawirikawiri amakhala citsiru ca m'sewerolo. Wavala nsanza, waledzera, wasocera m'tauni. Akangotsegula pakamwa, anthu amaseka. Dokotala ndi mphunzitsi amayankhula za m'tauni. Mwana amaona zimenezi. Palibe amene amamuuza kanthu, koma iye amamva.

Maganizo akuti pali Cinyanja cimodzi colondola sanayambe lero. Mu 1968 boma la Dr. Kamuzu Banda ku Malawi linasintha dzina la ciyankhulo, kucoka pa Cinyanja kukhala Cicewa. Wailesi ya MBC ndi mabuku a sukulu zinatsata kayankhulidwe ka m'cigawo capakati ca dzikolo. Pa nthawi ya nkhondo, makamaka kuyambira 1986, anthu ambiri a kuno anathawira ku Malawi. Makolo anga anali m'gulu lomwelo. Ana a othawa nkhondo analowa sukulu kumeneko. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwawo. Anabwera ndi mapoto, makasu ndi Cicewa ca m'buku. Mpaka lero amayi anga amandidzudzula ndikachula mawu monga amachulira agogo.

Ine sindinyoza Cicewa ca ku Malawi. Ndi cathu comwe, ndipo anthu a kumeneko anasunga makolo athu pa nthawi ya mavuto. Koma ciyankhulo ici cili ndi makomo ambiri. Cimayankhulidwa ku Angónia, m'mbali mwa nyanja ku Niassa, ku Chipata, ku Kasungu, ku Nsanje ndi kuno. Khomo lililonse lili ndi kamvekedwe kake. Ena amatiseka kuti timasakaniza Cipwitikizi. Nanga nsapato, kalata ndi mbatata? Mawu amenewa anacokera ku sapato, carta ndi batata. A ku Lilongwe amawachula tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amawaseka.

Mnzanga wina, amene tinali limodzi ku sukulu ya aphunzitsi, amanditsutsa. Iye amati: "Ana ayenera kumva kayankhulidwe kamodzi, kuti asasokonezeke powerenga." Pa kalembedwe ndikugwirizana naye. Buku liyenera kulemba galimoto mofanana pa tsamba lililonse. Komabe taonani: ife timalemba "cimanga", a ku Malawi amalemba "chimanga", ndipo nsima yake ndi imodzi. Tsono pakamwa si buku. Mwana wa kuno amamva ziyankhulo zitatu asanafike pa citsime, ndipo sasokonezeka. Cimene cimamusokoneza ndi manyazi. Mwana wamanyazi sayankha. Mwana wosayankha, ine sindingadziwe pamene pakumuvuta. Akatero amafika kalasi lacitatu asanadziwe kuwerenga.

Mnzangayo amatinso: "Kupanga zidole kumafuna ndalama zambiri." N'zoona. Koma kujambula mawu sikufuna ndalama zambiri. Cidole cikakhala kuti cajambulidwa kale, cotsala ndi kusankha amene aciyankhulire. Lero ngakhale foni imajambula mawu. Wailesi yathu ya Thumbine imayankhula kale ndi anthu a kuno m'mawu a kuno, ndipo anthu amamva bwinobwino.

Sukulu inatsegula kale khomo limeneli. Kuyambira 1993 mpaka 1997, boma linayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri: Cinyanja ndi Cipwitikizi ku Tete, Cicangana ndi Cipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 maphunziro otere anayamba m'zigawo zinanso. Ndime 9 ya malamulo akulu a dziko la Moçambique imalemekeza ziyankhulo zathu monga cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Ngati buku latha kulandira mwana ndi ciyankhulo cake, kanema angalephere bwanji?

Kwa inu amene mumapanga mapulogalamu a ana, ku Maputo, ku Quelimane ndi ku Blantyre, pempho langa ndi laling'ono. M'nthano imodzi, Fisi akhoza kuyankhula ngati wa ku Lilongwe, Kamba ngati wa ku Angónia. Koma Kalulu, wocenjera uja, tsiku lina ayankhuleko ngati mwana wa ku Milange. Bwerani mudzajambule. Ana odziwa nthano tili nawo ambiri.

Inu makolo, mwana akachula mawu monga agogo ake, musamuseke. Musati "yankhula bwino". Muuzeni kuti: "Agogo amati cakuti, buku limati cakuti." Mukatero adzasunga zonse ziwiri.

Mnyamata uja ndinamuitana patsogolo Lolemba lotsatira. Ndinamupempha kuti atiphunzitse dzina la mbuzi m'Cilomwe. Anati: "Epuri." Kalasi lonse linabwereza. Ambiri analephera, ndipo iye ndiye anawakonza. Lero amalemba g pa bolodi, ngakhale poyankhula k amatulukabe nthawi zina.

Tsopano inu ana, nayi nchito yanu. Madzulo ano funsani agogo mawu atatu amene simunawamvepo pa kanema. Mawa mubwere nawo kusukulu. Tidzawalemba pa bolodi.